Chifukwa chimene Germany inagonjera mu 1918

Pa 11 Novembala 1918, nthawi itakwana 11 koloko m'mawa, mfuti zinaleka kulira ku France ndi ku Belgium, ndipo nkhondo yoyamba ya padziko lonse inafika kumapeto. Chimene chimazunguza mutu munthu akayang'ana mapu a tsiku limenelo n'chakuti asilikali a Germany anali akadali m'dziko la eni. Gawo lalikulu la Belgium linali m'manja mwawo, mbali ina ya France analinso asanaisiye, ndipo kum'mawa anali atafalikira mpaka ku Ukraine. Panalibe mzinda waukulu ngakhale umodzi wa ku Germany umene adani anali atalanda. Miyezi isanu yokha m'mbuyomo, asilikali omwewa anali ataima pa mtsinje wa Marne, pa mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku Paris. Nanga zinatheka bwanji kuti dziko loterolo litumize nthumwi kukasaina pangano lolilanda zida?

Funso limeneli linayamba kugawa anthu nkhondo itangotha, ndipo mpaka lero mkangano wake umabukabe. Ena amati asilikali sanagonje, koma anaperekedwa ndi anthu a kwawo komwe, andale ndi ogwira ntchito amene anaukira boma. Ena amaloza njala, ena amaloza kubwera kwa America. Ine ndimaona kuti njala ndi America zili ndi malo ake enieni m'nkhaniyi, koma mfundo yakuti asilikali anaperekedwa ndi bodza, ndipo bodzali linapekedwa ndi anthu omwe aja amene anayamba kunena kuti nkhondo yawakanika. Kuti zimenezi zioneke bwino, pafunika kutsata masiku mmene anayendera, chifukwa pa nkhani ino chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira ndiye umboni waukulu.

Chaka cha 1918 chinayamba bwino kwa Ajeremani. Dziko la Russia linali litatuluka m'nkhondo, ndipo pa 3 Malichi linasaina pangano la ku Brest-Litovsk limene linalilanda madera aakulu kwambiri. Izi zinapatsa mpata mkulu wa asilikali Erich Ludendorff, amene pamodzi ndi Paul von Hindenburg ankayendetsa nkhondo yonse ndiponso, kunena zoona, dziko lonse, woti asamutsire magulu ambiri a asilikali kumadzulo. Komabe nthawi inali yochepa. America inali italowa nkhondo mu Epulo 1917, ndipo aliyense ankadziwa kuti asilikali ake akadzafika ochuluka, mwayi wopambana udzakhala utatha. Ludendorff anasankha kuponya mphamvu zonse zotsala pa chiwembu chimodzi chachikulu, kuti aphwanye Angerezi ndi Afalansa anzawo a kutsidya kwa nyanja asanakonzeke.

Pa 21 Malichi, m'mamawa wa nkhungu, mizinga masauzande angapo inayamba kuomba, ndipo m'masiku ochepa Ajeremani analowa makilomita pafupifupi 60 m'dera la Angerezi, chinthu chimene sichinachitikepo kumadzulo chiyambire nkhondo ya m'maenje mu 1914. Ku Germany mabelu a matchalitchi analira. Koma pali chimene chinachitika pa tauni ya Albert chimene chimandiuza zambiri kuposa mapu. Asilikali amene anafika kumeneko anapeza nyumba zosungiramo katundu zodzaza ndi nyama ya m'zitini, buledi woyera, fodya, nsapato zachikopa ndi vinyo, ndipo ambiri anaima pomwepo n'kuyamba kudya ndi kumwa, osamvanso za akuluakulu awo amene ankawauza kuti apitirize ulendo. Anthuwa anali atauzidwa kuti sitima zawo zoyenda pansi pa madzi zasiya Angerezi pa njala. Tsopano anaona ndi maso awo kuti mdani amene ankati wafooka ankadya bwino ndi kuvala bwino kuposa iwo, ndipo msilikali amene waona zoterezi samenyanso nkhondo ndi mtima umene anali nawo dzulo lake.

Ziwembu zinapitirira mpaka Julayi, ku Flanders, ku Chemin des Dames ndi ku Marne. Malo analandidwa ndithu, koma palibe ngakhale limodzi mwa malo ofunika, monga mphambano ya njanji ya ku Amiens kapena madoko a kunyanja, limene linagwa. Pa miyezi imeneyi Germany inataya asilikali oposa 800,000, kuphatikiza ophedwa, ovulala ndi ogwidwa, ndipo ambiri mwa iwo anali anyamata amphamvu ndi ophunzitsidwa bwino amene anasankhidwa kuti azikhala patsogolo. Oti alowe m'malo mwawo panalibe. Otsalawo anali m'maenje osakumbidwa bwino, pa mzere wautali kuposa umene anali nawo poyamba, kwinaku matenda a fuluwenza akugwetsa anthu masauzande ambiri.

Pa 18 Julayi Afalansa, mothandizidwa ndi asilikali a ku America, anabweza chiwembu ku Marne. Pa 8 Ogasiti, pafupi ndi Amiens, asilikali a ku Britain, Canada, Australia ndi France anatulukira mwadzidzidzi ndi akasinja oposa 400, ndipo tsiku limenelo lokha Ajeremani oposa 10,000 anakweza manja. Ludendorff mwiniwake analitcha tsiku lakuda la asilikali a Germany, ndipo chimene chinamuopsa kwambiri chinali kuchuluka kwa amene anadzipereka okha. Iye anasimbanso kuti asilikali obwerera kumbuyo ankanyoza anzawo opita kutsogolo, kuwanena kuti ndi anthu oononga sitiraka ndiponso otalikitsa nkhondo. Kuchokera mu Julayi mpaka nkhondo itatha, Ajeremani oposa 350,000 anagwidwa ukaidi kumadzulo. Wolemba mbiri wa ku Germany, Wilhelm Deist, anayerekeza kuti m'miyezi yomalizayo asilikali pakati pa 750,000 ndi miliyoni imodzi ankazemba ntchito, ena pongokhala m'masiteshoni a sitima, ena posabwerera akapita kutchuthi. Chiwerengerochi akatswiri ena amachitsutsa kuti n'chokwera, koma palibe amene amakana kuti magulu amene pa pepala ankaoneka athunthu anali atatsala ndi anthu ochepa kwambiri. Gulu lankhondo la Germany linali ngati nkhokwe imene kunja ikuoneka yodzaza pamene m'kati anankafumbwe anamaliza kale.

Amene amati njala ndiyo inagonjetsa Germany ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindifuna kuipeputsa. Kuyambira mu 1914 sitima zankhondo za Britain zinatseka njira za panyanja, moti chakudya, feteleza, mphira, thonje ndi mafuta zinkalowa movuta kwambiri. Amuna ndi akavalo anali kunkhondo, minda inasowa olima, ndipo mu 1916 mbatata ya kachewere inakanika. M'nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917 anthu a m'mizinda ankadalira mizu ya tanaposi imene kale inkapatsidwa kwa ziweto. Amayi ankafola pa mizere kuyambira usiku kudikira buledi wosakaniza ndi zinthu zina, khofi ankapangidwa kuchokera ku njere zokazinga za mitengo, ndipo m'zipatala mabandeji ena anali a mapepala. Chiwerengero cha anthu wamba amene anafa chifukwa cha kusowa kwa chakudya chimasiyana malinga ndi wowerengera, kuyambira pa 424,000 mpaka 763,000. Mu Januwale 1918 ogwira ntchito m'mafakitale a zida ku Berlin, pafupifupi 400,000, ananyanyala ntchito pofuna mtendere ndi chakudya.

Koma taonani chimene chinachitika ndi sitiraka imeneyo. Boma linaithetsa m'masiku ochepa, atsogoleri ena anamangidwa, ena anatumizidwa kunkhondo, ndipo mafakitale anapitiriza kutulutsa zipolopolo. Anthu anjala omwewo anapirira miyezi ina isanu ndi inayi. Njala inagwira ntchito yake kudzera mwa msilikali, amene ankalandira makalata a mkazi wake onena za ana owonda, amene ankaguba ndi m'mimba mopanda kanthu, ndiponso amene kavalo wake wokoka mzinga ankagwa panjira chifukwa chosowa chakudya. Choncho kunena kuti njala inagonjetsa Germany sikutsutsana ndi kunena kuti asilikali anagonja pankhondo. Ndi nkhani imodzi yomweyo. Za America nazonso ndimaziona chimodzimodzi. Nkhondo zazikulu za miyezi yomalizayo zinamenyedwa kwambiri ndi Angerezi ndi Afalansa, ndipo asilikali a ku America otsogozedwa ndi John Pershing anavutika zedi ku Meuse-Argonne chifukwa chosazolowera. Mphamvu yawo yaikulu inali chiwerengero. Pakati pa chaka ankafika oposa 250,000 mwezi uliwonse, ndipo pofika Novembala ku France kunali pafupifupi mamiliyoni awiri. Mkulu wa asilikali aliyense wa ku Germany wodziwa kuwerenga ankaona kuti chaka cha 1919 chidzakhala choipa kuposa 1918.

Tsopano tifike pa masiku amene ndimaona kuti amathetsa mkangano. Kumapeto kwa Seputembala, Ferdinand Foch, amene ankatsogolera magulu onse a adani a Germany kumadzulo, analamula kuti amenye mbali zonse motsatizana. Pa 29 Seputembala Angerezi anaoloka ngalande ya St Quentin n'kuboola mzere wa malinga umene unkatchedwa dzina la Hindenburg, umene Ajeremani ankaudalira kwambiri. Tsiku lomwelo dziko la Bulgaria linasaina pangano losiya nkhondo ku Salonika, zimene zinatsegula njira yolowera ku Austria-Hungary kuchokera kum'mwera ndiponso kuika pangozi mafuta a ku Romania amene ndege ndi magalimoto a Germany ankadalira. Ndipo tsiku lomwelonso, ku likulu la asilikali ku Spa m'dziko la Belgium, Hindenburg ndi Ludendorff anauza mfumu Wilhelm II kuti pakufunika kupempha kuti nkhondo iime, mwamsanga, popanda kuzengereza. Pa tsikuli ku Kiel, doko la sitima zankhondo za Germany, kunalibe woukira aliyense, ku Berlin kunalibe chipwirikiti, ndipo nyumba ya malamulo inali isanauzidwe n'komwe kuti zinthu zafika poipa chonchi. Aphungu atauzidwa pa 2 Okutobala anangoti kakasi, chifukwa kwa zaka zinayi ankangomva za kupambana.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chimene Ludendorff anachita pambuyo pake. Munthu amene kwa zaka ziwiri ankakana kuti aphungu akhale ndi mawu pa nkhondo anafuna mwadzidzidzi kuti boma liperekedwe kwa zipani za m'nyumba ya malamulo. Pa 1 Okutobala anauza akuluakulu anzake, monga mmene mmodzi wa iwo, Albrecht von Thaer, analembera m'buku lake la tsiku ndi tsiku, kuti andalewo ndiwo asaine mtenderewo, adye okha msuzi umene anaphika. Akulu akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma apa mutu waukulu unalewa, nkhonya n'kugwera ena. Max von Baden, amene anakhala mtsogoleri wa boma pa 3 Okutobala, sanafune kupempha mtendere mothamanga chotero, poona kuti kuchita zimenezo n'kuulula kwa adani ndi kwa anthu a kwawo kuti Germany yatha mphamvu. Anapempha masiku ochepa. Hindenburg anayankha polemba kalata kuti pempholo lipite nthawi yomweyo. Motero uthenga unatumizidwa kwa pulezidenti wa America, Woodrow Wilson, wopempha mtendere motsatira mfundo zake 14 zimene analengeza mu Januwale chaka chomwecho.

Uthengawo utadziwika, msilikali wamba anamva chinthu chimodzi chokha, chakuti nkhondo yatsala pang'ono kutha, ndipo palibe amene ankafuna kukhala womaliza kufa. Mayankho a Wilson nawo ankanka nalimba, makamaka sitima yapansi pa madzi ya Germany itamiza sitima ya Leinster pa 10 Okutobala, anthu oposa 500 n'kufa. Pa 23 Okutobala Wilson ananena poyera kuti sakambirana ndi mafumu ndi akuluakulu a asilikali. Apa Ludendorff anatembenuka n'kuyamba kunena kuti nkhondo ipitirire, ngati kuti si iye amene anaumiriza boma masabata atatu m'mbuyomo. Anachotsedwa pa 26 Okutobala, ndipo patapita kanthawi anathawira ku Sweden atadzibisa nkhope.

Kuukira kumene amakuimba mlandu kunabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo anakuputa ndi akuluakulu ena ankhondo. Kumapeto kwa Okutobala, oyang'anira sitima zankhondo anakonza zotulutsa sitima zonse kuti zikamenyane ndi za Britain komaliza, boma osaliuza, pamene boma lomwelo linali pakati pa zokambirana za mtendere. Amalinyero ku Wilhelmshaven anakana, ena anazimitsa moto wa m'mainjini, ndipo anzawo atamangidwa, mzinda wa Kiel unaukira pa 3 ndi pa 4 Novembala. M'masiku ochepa moto unafalikira ku Hamburg, Bremen, Cologne ndi Munich. Pa 9 Novembala kunalengezedwa kuti mfumu yatula pansi udindo, Friedrich Ebert wa chipani cha Social Democratic anatenga boma, ndipo m'mawa mwake Wilhelm anaolokera ku Netherlands. Kuchokera pa tsiku limene akuluakulu a asilikali anapempha kuti nkhondo iime kufika pa tsiku limene Kiel inaukira panadutsa masabata asanu. Chimene chinabwera pambuyo sichingakhale chifukwa cha chimene chinachitika kale.

Pali funso limodzi limene otsutsa amafunsa ndipo ndi loyenera kuliyankha mwachilungamo. Kodi Germany sikanatha kubwerera kumalire ake, kukumba maenje atsopano n'kupirira mpaka nyengo yozizira, kuti ipeze pangano labwinopo? Walther Rathenau, mkulu wa mafakitale, analemba m'nyuzipepala kumayambiriro kwa Okutobala kuti pempho la mtendere lafulumira ndipo dziko lonse liitanidwe kudzateteza malire. Ngakhale Douglas Haig, mkulu wa asilikali a Britain, ankaona pakati pa mwezi womwewo kuti Ajeremani akadali ndi mphamvu yobwerera mwadongosolo, ndipo analangiza boma lake kuti lisaike mfundo zolimba kwambiri. Ndikuvomereza kuti nkhondo ikanatha kupitirira miyezi ina, ndiponso kuti kuukira kwa mu Novembala kunachotsa kampata kakang'ono kokambirana kamene kanatsala. Koma kupitiriza nkhondo n'kosiyana ndi kuipambana. Dziko la Turkey linasiya nkhondo pa 30 Okutobala, Austria-Hungary inasaina pa 3 Novembala, ndipo pangano lake linalola adani kudutsa m'dziko lake kulowera ku Bavaria, kum'mwera kwa Germany, kumene kunalibe asilikali okwanira kutseka njira. Miyezi yoonjezerayo ikanangoonjezera manda, n'kubweretsa nkhondo m'mizinda ya Germany momwe.

Amene anapita kukasaina m'nkhalango ya Compiègne, m'bogi ya sitima ya Foch, anali Matthias Erzberger, phungu wa chipani cha Akatolika, munthu amene mwana wake wamwamuna anali atangomwalira ndi fuluwenza ali pa maphunziro a usilikali. Mfundo za panganolo, monga mmene zinathera, zinali zoti Germany isathenso kuyambiranso nkhondo: ichoke ku Belgium, France ndi Alsace-Lorraine m'masabata awiri, ipereke mizinga 5,000, mfuti zachiwaya 25,000, ndege 1,700, mitu ya sitima 5,000, mabogi 150,000 ndi sitima zake zapansi pa madzi, pamene njira za panyanja zikhalabe zotseka. Erzberger anafunsa kwawo chochita. Yankho linachokera kwa Hindenburg pa 10 Novembala, lakuti ayese kupempha kuti mfundo zina zifewe, koma zikakanika asaine basi. Anasaina cha m'ma 5 koloko m'mawa wa pa 11, ndipo Hindenburg dzina lake silinaoneke pa pepalalo.

Nkhani imeneyi inafikanso kwathu kuno, ndipo mathero ake enieni anachitikira pafupi nafe. Paul von Lettow-Vorbeck, amene ankatsogolera asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, anali atazemba adani ake kwa zaka zinayi. Mu Novembala 1917 analowa ku Mozambique, kenako anabwerera, ndipo mu Novembala 1918 analowa m'dziko limene lero ndi Zambia n'kulanda Kasama. Uthenga wakuti nkhondo yatha unamupeza pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo pa 25 Novembala anapereka zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, ali ndi Ajeremani 155 ndi asilikali achikuda oposa 1,100. Mu Malichi 1919 anaguba mumzinda wa Berlin anthu akumuombera m'manja monga kazembe amene sanagonjepo, ndipo chithunzi chimenecho chinathandiza kukhazikitsa maganizo akuti Germany yonse sinagonje. Amene ankaomba m'manja sanaganizeko za midzi imene inalandidwa chakudya ndi magulu a mbali zonse ziwiri, kapena za amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 amene anatengedwa pa mtengatenga kukasenza katundu wa Angerezi, ambiri n'kutsala m'njira chifukwa cha kamwazi, malungo ndi njala. Kusagonja kwa kagulu kakang'ono kothawathawa m'tchire sikunasinthe kalikonse pa zimene zinachitika ku Amiens ndi ku St Quentin.

Bodza lija linakula mofulumira chifukwa anthu ambiri ankalifuna. Mu Disembala 1918 Ebert mwini, pofuna kutonthoza asilikali obwerera ku Berlin, anawauza kuti palibe mdani amene anawagonjetsa. Pa 18 Novembala 1919 Hindenburg anaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza za kugonjako, ndipo m'malo moyankha mafunso anawerenga mawu okonzeratu onena kuti asilikali anabayidwa kumsana. Munthu ameneyu ankadziwa bwino lomwe zimene ananena ku Spa ndi zimene analembera Max von Baden. Posakhalitsa mlandu unakankhidwira kwa a chipani cha Social Democratic, kwa achikomyunizimu, ndipo makamaka kwa Ayuda, ngakhale kuti Ayuda a ku Germany pafupifupi 100,000 anamenya nawo nkhondoyo ndipo 12,000 mwa iwo anafera komweko. Erzberger anawomberedwa ndi kuphedwa pa 26 Ogasiti 1921 ali kokayenda m'nkhalango ya Black Forest, ndipo Rathenau, yemwe uja ankafuna kuti nkhondo ipitirire, anaphedwa mu Juni 1922. Ludendorff anabwerera kwawo n'kuguba limodzi ndi Adolf Hitler ku Munich mu 1923. Hindenburg anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1925, ndipo pa 30 Januwale 1933 ndi iye amene anapereka boma m'manja mwa Hitler, munthu amene ndale zake zonse zinamangidwa pa kutukwana amene anasaina mu Novembala 1918.

Adani a Germany pa nkhondo yachiwiri anaikumbukira nkhaniyi. Ku Casablanca mu Januwale 1943 pulezidenti wa America, Franklin Roosevelt, analengeza kuti sadzalandira china chilichonse koma kugonja kopanda mfundo zokambirana, ndipo nkhondoyo inamenyedwa mpaka m'misewu ya Berlin. Pofika Meyi 1945 anaonetsetsa kuti osaina akhale akuluakulu a asilikali eni ake: Alfred Jodl ku Reims pa 7 Meyi, ndi Wilhelm Keitel ku Karlshorst mumzinda wa Berlin usiku wa tsiku lotsatira, pamodzi ndi oimira asilikali a panyanja ndi a m'mlengalenga.